Polishi Kumpando wa Kumbuyo

Lolemba, 6 Okutobala

Kutentha kuyambira m'mawa. Magalimoto ochepa, fumbi lambiri. Zala zatuwa ndi sopo.

Dzulo msonkhano wa ukwati kwa azakhali. Ndinapita chifukwa cha amayi basi. Kugawana ntchito: uyu keke, uyu zakumwa, uyu maluwa a muholo. Operekeza mkwatibwi anasankhidwa kale, atsikana a kwaya okhaokha, ngakhale uja woyimba ngati chitseko chosowa mafuta. Ine ndinatchulidwa kumapeto, atatha kukambirana za mapepala a kuchimbudzi. Azakhali, mawu ngati uchi: "Za galimoto ya akwati tisavutike nazo, tili naye katswiri wathu wotsuka." Anthu m'manja phwaphwaphwa. Ndisanatsegule pakamwa amayi anali atayankha kale: "Achita ameneyu, alamu, musadandaule."

Achita. Ngati galu wotumidwa kukatola ndodo.

Ndilembe bwinobwino, kuti tsiku lina mtima ukadzafuna kufewa ndidzawerenge. Mkwatibwi ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali, amene ine ndimamutcha Nkhunda chifukwa cha kuyang'ana pansi kwakeko ndi timawu take tonyowa. Mkwati ndi Tayi. Tayi anali wanga kuyambira tili ku sekondale, asanadziwe ndi kumanga komwe tayi. Kwa azakhali ndinamutengera ndine, ndi miyendo yangayi, kuti abale amudziwe. Anamudziwadi. Atangopeza ntchito ku banki anayamba kununkhiza manja anga. Mawu ake omaliza: "Anzanga akandifunsa kuti mkazi wanga amagwira ntchito yanji, ndiziti chiyani?" Ndinamuuza kuti aziti amachotsa zonyansa zimene amuna a matayi amasiya m'mipando. Anaseka. Mwezi usanathe, Nkhunda mphete kuchala.

Ndipo diresi la ukwati akusoka ndani? Amayi anga. M'chipinda chathu chochezera. Lili pa hang'ala kuseri kwa chitseko, ndikamalowa limandipatsa moni.

Lachitatu, 8 Okutobala

Galimoto ya mayi wina wa ana ambiri. Mipando yachikopa, yoyererako, koma m'misoko muli mbiri ya banja lonse: nyenyeswa za bisiketi, chingamu, tsitsi, ndolo imodzi. Ndinayamba ndi makina okoka fumbi. Mchenga ukausiya n'kuyamba kupukuta umakanda chikopa ngati mphaka. Kenako sopo wofatsa uja, thovu pa bulashi osati pampando, kuzunguliza pang'onopang'ono, kupukuta ndi nsanza yofinya. Madzi ambiri ayi, chikopa si thewera. Chitauma mumthunzi, mafuta ofewetsa, pang'ono ngati ukudzoza khanda. Kudikira chimwe. Kupukuta otsala mpaka chala chisamaterereke.

Ntchito imeneyi ndimaikonda, ndipo amene sakufuna kumva atseke makutu.

Payipi, amene amatsuka kunja kwa magalimoto, bambo wa ana anayi koma pakamwa posatseka: "Chemwali, mukanamasisita amuna mmene mumasisitira mipandomu, bwenzi ukwatiwu uli wanu." Ndinamuuza kuti mpando ukausisita suthawira kwa msuweni wako. Anaseka mpaka kudzithira madzi m'jombo.

Madzulo Nkhunda kudzayesa diresi. Iye pakampando, manja m'mwamba ngati mngelo wa pakalendala, amayi mapini kukamwa, ine wogwira kambale ka mapini. Amayi atapita kukatenga sizasi, Nkhunda anandinong'oneza: "Suweni, usandisungire kumtima, zinangochitika." Zongochitika ndi mvula ndi chimfine. Pini inali m'dzanja langa, nthiti yake pafupi chonchi. Amayi anabwerera msanga.

Magetsi atsala pang'ono kutha mumita. Makina osokera amadya kuposa ife.

Lachisanu, 10 Okutobala

Lero ndaseka koyamba mwezi uno.

Kunabwera mkulu wina, mimba kutsogolo, mkazi wake pambuyo nkhope ili gwa. Akuti mipando ya galimoto yake inatuwa, iye n'kuganiza kuti chikopa ndi chikopa basi, n'kutenga polishi wa nsapato, wakuda, kupaka mipando yonse. Inawala ndithu, anati anasangalala. Dzulo anatenga mayi kupita nawo kuphwando la kuntchito, mayi atavala siketi yoyera. Dzuwa, magalasi otseka, thukuta. Potsika mayi, kumbuyo konse bii, ngati akhala pachitofu cha makala. Anayenda choncho mpaka pakati pa anthu, wina n'kuwakodola. Siketi anabwera nayo m'pepala kudzationetsa ngati mtembo. Achapa, anyika, abwereza, banga lili phee.

Mayiwo kwa amuna awo, pamaso pathu: "Bambo, inu mutu wanu ndi wosungira chipewa basi."

Bwana wanga anandipatsa ine galimotoyo. Tsiku lonse kuchotsa polishi, nsanza ndi nsanza, zonse kudera kumodzi. Polishi salowa m'chikopa cha galimoto, amangokhala pamwamba kudikira wina amukhalire. Kukatentha amasungunuka. Ukamuona ndi maso, mpando wokongola.

Ndikupukuta choncho, dzanja linaima lokha.

Galimoto ya akwati. Diresi loyera. Dzuwa la mwezi uno.

Payipi anafunsa chimene ndimamwetulira. Ndinati mano anga, ndiwaonetse kwa amene ndikufuna.

Lamulungu, 12 Okutobala

Kutchalitchi alengeza ukwati. "Ngati alipo wodziwa chifukwa." Amayi ena a mzere wa kutsogolo anatembenuka kundiyang'ana ngati ine ndiye chifukwacho. Ndinawayang'ananso mpaka makosi awo anabwerera kwawo.

Pobwerera ndinadzera pakagolosale. Kachitini kamodzi ka polishi wakuda. Wogulitsa anayang'ana mapazi anga, ndili ndi nsapato zoyera za pulasitiki. Sanafunse. Ali ndi nzeru.

Kachitini kali m'chikwama cha kuntchito, pansi pa ovolosi. Ndikamayenda ndimakamva kakugunda mwendo.

Ndaziona kale zonse m'mutu. Galimoto yaima pakhomo la tchalitchi. Wojambula wagwada. Nkhunda akutsika, kumwetulira kwake kwa mkaka kuja, akutembenuka. Azakhali kukamwa yasa. Kwaya kusokoneza nyimbo. Tayi kuguwa akudikira mkazi woyenera kumutchula kwa anzake a ku banki. Akamutchule bwino tsopano.

Kunyumba ndinapeza amayi awiri a mumsewu mwathu akusuzumira diresi, manja kumbuyo ngati ali m'sitolo ya magalasi. Mmodzi mwana wake akukwatiwa chaka chamawa. Atapita, amayi anakhala pansi n'kuvula magalasi a maso: "Likaoneka bwino limeneli, tisiya kukhalira mazipi ndi zigamba." Chiyambireni masitolo a zovala zotchipa mumsewu waukulu, ntchito yawo ndi kufupikitsa mathalauza a anthu. Diresi la ukwati anasoka komaliza bambo akadali moyo.

Ndinakatsuka mbale zotsuka kale.

Lachitatu, 15 Okutobala

Wabwera. Iye mwini, Tayi.

Galimoto yaitali, yakuda, ya bwana wake wa ku banki, wabwereka. Anaimika pakati penipeni pa bwalo, kutsekereza aliyense. Kutsika, kukonza tayi pagalasi. Wanenepa m'khosi. Mafuta onunkhira omwe aja, amene ndinamusankhira ine.

Sanandipatse moni. Analankhula ndi bwana wanga, ine ndili pomwepo ndi ndowa. Kenako, osandiyang'ana kumaso: "Uyigwire bwino, si ya anthu wamba imeneyi." Ndinati ndamva, achimwene. Liwu la achimwenelo linamulowa ngati minga, ndinaona khutu likugwedera.

Mipando yakuda, chikopa chenicheni, chabwino, koma chosasamalidwa. Wa dalaivala wang'ambika timing'alu m'mbali. Wakumbuyo watuwa pamwamba pomwe dzuwa limamenya, wauma ngati chikwama cha m'chipinda chosungira katundu. Anthu a ndalama! Kugula ng'ombe yathunthu n'kuisiya ife ndi ludzu. Pafunika kutsuka, utoto pomwe patuwa, mankhwala otsekera utoto kuti usamatuluke, kenako mafuta. Bwana wanga anati ibwere Lachinayi la sabata yamawa, igone m'shedi mpaka m'mawa wa ukwati.

Atapita, Payipi: "Chemwali, mwamuna uja mukanangondiuza, ndikanamutsuka ndi payipi yamphamvu ija, tayi n'kutsala yokha." Nthawi zina Payipi ndi munthu.

Sindinadye masana.

Lamulungu, 19 Okutobala

Masiku onsewa sindinalembe. Ndikanalemba chiyani, kuti ndine chitsiru?

Amayi akusokerera mikanda kumchira wa diresi. Mchira wautali, kuchoka pachitseko mpaka pawindo. Mkanda umodziumodzi, ndi dzanja, singano yopyapyala ngati tsitsi. Ulusi ndimawalowetsera ine, maso awo sakuonanso kabowo. Msana akumata mankhwala otentha aja, nyumba yonse fungo.

Dzulo anadzibaya chala. Kadontho ka magazi pansalu, kochepa kuposa nyerere, pamalo poti ngakhale Nkhunda sakanakaona mpaka imfa yake. Ndinati siyani, mkanda ubisa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Ndikhala ndikudziwa ine." Anasula chigawo chonsecho, ntchito ya masiku, n'kudula nsalu ina.

Kadontho. Ine m'chikwama muli chitini chathunthu.

Khoswe wakhala pamkhate. Ndimugende, ndiswa mkhate wa amayi anga. Ndipo Nkhunda akudziwa kodi? Mwina ndi chifukwa chake anabweretsa diresi kuno, osati kwa atelala a m'tauni. Azakhali amati ndi kutithandiza. Kutithandiza! Anandimanga manja ndi ulusi wa amayi anga omwe.

Ndinatulutsa kachitini, kukayang'ana, kukabweza. Kutaya ayi. Ndinagula ndi ndalama yanga.

Ndiye basi? Akwatirane, avine, ajambulitse, ine nditsuke galimoto n'kuombera m'manja? Mulungu, ngati mumawerenga mabuku a anthu, werengani apa: sindinavomere.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Mulungu amawerenga!

Nkhunda kudzayesa komaliza. Diresi lamukhala, ndisaname, amayi ndi amayi. Akudzizungulira pagalasi, pakamwa osapuma: keke yafika pati, nsapato zikumuluma, ndipo darling wake wakana suti yakuda. Akuti yakuda amavala aliyense, ngakhale kumaliro. "Wagula yoyera, suweni, yoyera ngati mkaka, kuyambira jekete mpaka thalauza."

Ndinati adzaoneka bwino kwambiri. Ndinanena ndi mtima wonse. Mpaka amayi anandiyang'ana.

Mpando wakumbuyo uli ndi mbali ziwiri, pakati chotsamira mkono chotsitsa. Mbali imodzi ya mkwatibwi, ina ya mkwati. Ndani anati ndipake zonse?

Ndinafunsa mwaulemu, ngati munthu wofuna kugwira bwino ntchito yake. Popita kutchalitchi Nkhunda akhala yekha kumbuyo, diresi ndi lalikulu, azakhali kutsogolo ndi dalaivala. Tayi apita ndi galimoto ya mnzake. Potuluka m'tchalitchi ndiye akwera limodzi mpaka kuholo, ulendo wautali wozungulira m'tauni ndi mahutala, dzuwa lili pamutu. Kuholo alowa akuvina, anthu onse ataimirira, a ku banki ali kutebulo lapamwamba. Ndipo Tayi akamavina amakonda kutembenuka.

Chofunika n'chimodzi: Nkhunda akhale mbali yoyenera, ulendo woyamba ndi wachiwiri womwe. Ndiye ndaimbira azakhali. Ndati poti galimoto ndi ntchito yanga, ndikufuna ndikhalenso wotsegulira mkwatibwi chitseko, kunyumba ndi kutchalitchi. Anati: "Mwana wa achimwene anga, wakula tsopano, Mulungu wakugwira mtima." Wandigwiradi.

Ndagula diresi langa. Lachikasu chowala, logwira thupi, lamsana wotsegula. Ndalama ya nsapato za kuntchito yapita pamenepo, jombo zobooka zipirire mwezi wina. Ndikufuna pamene akumuseka, akweze maso andione.

Lachinayi, 23 Okutobala

Galimoto yafika. Anabweretsa dalaivala wa ku banki, mkulu waulemu, anandipatsa moni wa manja awiri.

Tsiku lonse ine ndi iyo m'shedi. Ndinauza Payipi kuti asayandikire ndi madzi ake.

Fumbi kaye, msoko uliwonse, ndi kabulashi kakang'ono. Pansi pa mpando ndinapeza chotokosera m'mano ndi njere za zipatso, mabwana nawonso ndi anthu. Sopo. Thovu loyamba linatuluka lofiirira, thukuta la zaka. Kubwereza mpaka thovu loyera. Kuumitsa zitseko zili zotsegula, padzuwa ayi, chikopa chikauma mothamanga chimang'aluka. Timing'alu ta mpando wa dalaivala ndinatimata, kusalaza ndi chala. Utoto ndi siponji, mopyapyala, kudikira, kubwerezanso, mpaka potuwa paja pafanana ndi pena ponse. Kenako mankhwala otsekera. Amenewa ndiye mwini nkhani, ukawadumpha utoto umatsata zovala za anthu.

Mbali ya Nkhunda, kuseri kwa mpando wa azakhali, ndinatsekera kawiri. Si chifukwa cha iye. Asadzinamize.

Pofika madzulo mipando ili ngati yatsopano, yakuda mofatsa, yosanyezimira ngati pulasitiki. Ukaikanikiza ndi chala imabwerera. Ndinakhala pakhomo la shedi kuiyang'ana. Ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndagwirapo, ndipo ndagwirira anthu awiri amene ndikanakonda atakwera ngolo.

Kunyumba diresi latha. Amayi alikulunga m'nsalu ya bedi yoyera. Akuyenda mopindika koma akuyimba.

Lachisanu, 24 Okutobala

M'mawa mafuta ofewetsa, kudikira, kupukuta. Masana bwana ndi kansalu kake koyera, mwambo wake galimoto isanatuluke: kukhuta mpando uliwonse mwamphamvu n'kukayang'ana kuwala. Kansalu mbee. "Apa ndiye wagwira, mtsikana." Anatseka zitseko, makiyi a shedi n'kundisiyira ine poti maliboni ndimanga ndine m'mawa.

Anthu ataweruka ndinatsala, ndati ndikutsuka nsanza.

Kachitini. Ndinasakaniza ndi mafuta ofewetsa pachivindikiro kuti asaume, akhale wofewa ngati phala. Mbali ya kuseri kwa dalaivala yokha: pokhalira, potsamira msana, pamwamba pofika mapewa. Mokhuthala, kusalaza bwino, osapukuta. Ndinatsitsa chotsamira mkono chapakati, malire. Kuchokera pamalirewo ndinasiya mpata wa chikhatho, kuopa mphepete ya diresi. Mchira adzaupinda pamiyendo pake ndi kumapazi, ndidzaupinda ndine. Fungo ndinaphimba ndi mankhwala onunkhira a m'galimoto, maluwa adzamaliza.

Ukayang'ana, mbali ziwirizo kusiyana kwake n'kochepa. Ya Tayi ikuwala kuposa. Amakonda zowala.

Ndinayesa ndi nsonga ya nsanza. Bii.

Ndinatseka shedi mopanda mantha. Mwina ndi mantha pang'ono. Bwana akadzamva, ntchito yatha. Ndidzati ndi utoto wa fakitale, ndidzati ndi thukuta la mkwati, munthu wotuluka thukuta lakuda ndi mtima wake womwe. Ndidzaona pomwepo.

Amayi andisitira diresi lachikasu osandifunsa. Anangoti msana wake ukanakhala ndi nsalu yokwanira bwenzi lili diresi.

Lamulungu, 26 Okutobala

Dzulo sindikanatha kugwira cholembera.

Zonse zinayamba monga ndinakonzera. Maliboni, maluwa, galimoto pakhomo la azakhali, dzuwa lowotcha kale. Ine m'chikasu changa, anyamata a makamera kundijambula osatumidwa. Nkhunda anatuluka, anthu nthungululu, ndipo diresi, ayi, diresi linali diresi. Amayi pambuyo pake atanyamula mchira m'manja ngati khanda. Ndinatsegula chitseko choyenera. Analowa, anakhala. Ndinawerama kuti ndipinde mchira kumapazi ake.

Amayi: "Iwe, ukufuna mikanda ithothoke? Umenewu suupinda, tiuyala pampando winawo."

Ndinati malo akwana konkuno. Ndinati chotsamira chapakati sichikwezeka, n'chowonongeka. Anali atazungulira kale galimoto, atatsegula kale chitseko chinacho. Ndipo ine, wokulira pansi pa tebulo la telala, ndinaiwala bwanji? Amayi saika nsalu pamalo asanapasisite ndi chikhatho. Tebulo, bedi, mpando, paliponse. Dzanja limapita lokha.

Linapita. Anatembenuza chikhatho. Anachiyang'ana. Anandiyang'ana ine, kudutsa pamwamba pa miyendo ya Nkhunda amene anali kalikiliki ndi velo yake, osaona kanthu.

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anafumbata dzanjalo, n'kulikulunga ndi kampango kawo ka m'manja. Kenako mokweza, mawu okoma, kuti azakhali amve: "Alamu, mchirawu ufunika munthu woufukata. Mwana wanga akhala apa, aunyamule pamiyendo." Azakhali kutsogolo: "Koma ndiye mwaganiza bwino!"

Ndinati amayi. Anati: "Lowa."

Ndinalowa. Ndinakhala. Anandiunjikira mchira m'manja ndi dzanja lawo loyera lija, n'kundiuza kukhutu kuti ukakhudza mpando mkanda umodzi wokha, ndikasake amayi ena.

Dalaivala anayenda pang'onopang'ono, ulemu wa ukwati. Magalasi otseka kuopa tsitsi la mkwatibwi. Ndinamva polishi akusungunuka. Poyamba kumatako, kenako kumsana, pakhungu penipeni pomwe diresi linalibe nsalu. Ndinasakaniza bwino, ndisadzinyoze. Manja m'mwamba ngati wonyamula thireyi, osatsamira, koma pa bampu iliyonse msana n'kumata. Ndipo Nkhunda anandigwira chigongono, maso onyowa: "Suweni, pa anthu onse, ndimafuna ukhale iweyo pambali panga." Ndikanakhala ndi dzanja lopuma.

Patchalitchi operekeza analandira mchira. Amayi anafika ndi galimoto yotsatira ine ndisanatsike. Anavula shawelo yawo, kundiphimba kuyambira m'mapewa mpaka m'mawondo, kumanga mfundo yothina mpaka mpweya kubanika. Kwa anthu anati mwanayu wazizidwa. Kuzizidwa, dzuwa limenelo! Kwa ine: "Ulaliki wa abusa athu ndi wautali. Akwati akamatuluka, mpando uwu ukhale woti ine ndigonekepo nsalu."

Ukwati wa Tayi ndinaumvera pawindo. Ine chogwada m'galimoto kuseri kwa tchalitchi, ndowa yobwereka kwa mlonda, sopo wa m'manja wa kuchimbudzi, nsanza za dalaivala. Zitatha nsanza ndinang'amba m'munsi mwa diresi lachikasu, linali litafa kale. Theka la polishi ndinali nditachotsa ndi thupi langa, lotsalalo ndi manja. Dalaivala anaima chapatali kuyang'ana mitengo. Anangondibweretsera madzi ena. M'kati "ndidzakukonda pa mtendere ndi pa mavuto," ine kunja kukhuta. Nthungululu zitamveka ndinali ndikuyesa ndi kansalu koyera ka m'thumba mwa dalaivala. Mbee.

Anatuluka. Suti yoyera ngati mkaka, ndipo inamukhala, galu ameneyu. Ndinatsegulira Nkhunda, shawelo ili thi. Tayi anazungulira, anakhala pambali pake paja, kutsamira bwinobwino, kutambasula miyendo. Anatsitsa galasi: "Mipando yaoneka bwino, zikomo." Anandipatsa ndalama yapepala ngati mlonda wa pamalo oimika magalimoto.

Ndinailandira. Ya jombo zatsopano.

Kuholo sindinapite. Akuti anavina mpaka kutembenuka katatu, suti ili mbee. Akuti amayi atatu atenga nambala ya amayi. Msana wanga ndakhula mpaka kutupa, pakati pomwe dzanja silifika pakadali pakuda.

Tayi sindinamukhululukire. Nkhundanso ayi, azakhalinso ayi. Asaganize kuti zatha chifukwa chitini chatha.

Amayi sanandilankhule chibwerereni. Kutchalitchi lero apita okha. Dzulo lonse anakhala ndi kampango kudzanja, kupereka moni ndi lamanzere, anthu kumati adzicheka ndi sizasi. Tsopano abwera, akhala patebulo losokera. Pali nsalu yoyera ya kasitomala watsopano, sanaikhudze. Amasula kampango. Polishi walowa m'mizere ya chikhatho ndi m'zikhadabo, sopo wamukana. Dzanja aliika patebulo, chikhatho m'mwamba, osandiyang'ana.

"Katswiri. Bwera ndi kabulashi kako kofewa kaja."

Ndikupita. Madzi ofunda kaye, mwina ndi